Maliro Opanda Mtembo Pageti la Bwana Chipewa

Kuno kugombe amanditcha Tsabola, ndipo sindikana. Mtima wanga ndi wapachala kuyambira kale. Ku sekondale ndinatsala pang'ono kuchotsedwa ndili Fomu 3 chifukwa chouza aphunzitsi a masamu kuti yankho lawo linali lolakwika, ndipo linalidi lolakwika. Ndiye tsiku lonyamuka kupita ku Joni, akazi anga anandigwira dzanja pa depoti ya Salima n'kunena kuti, "Bambo a Grace, kumeneko n'kwa eni ake. Pakamwa panupo muzimanga." Ndinalonjeza. Koma taonani zake: chimene chinatsala pang'ono kundiphetsa kumeneko sunali ukali umene ankauopawo. Unali ulemu.

Tinapita atatu. Panali ine, panali mlamu wanga Fanuel wa ku Khombedza, mlongo wawo wa akazi anga, munthu woti akhoza kuseka ngakhale bwato likumira, ndiye panali Che Twaibu, msodzi wachikulire amene anandiphunzitsa kusoka ukonde ndili mnyamata. Za ulendo sindinena. Amene anakwerapo basi yopita kumeneko akuwadziwa mapazi otupa aja ndi buledi wouma uja. Timangoti Joni, koma ife tinapitirira mpaka kunyanja ya mchere kufupi ndi Kepi, kumene madzi ake amazizira ngati unawalakwira.

Ntchito tinaipeza pa shedi ina yaikulu imene ankasokerapo maukonde a sitima zophera nsomba. Ukonde umodzi wa kumeneko ukhoza kufunditsa bwalo lonse la mpira, chilimira chathu chino n'kuoneka ngati kampango ka m'thumba. Mwini wake anali mzungu wonenepa amene sankavula chipewa, choncho tinamutcha Bwana Chipewa. Anatiponyera chidutswa chong'ambika kuti tionetse zimene timadziwa. Che Twaibu anachisoka maso ali kumbali, akufunsa ngati kuderako kuli mzikiti. Bwana anakoka mfundo zawo ndi manja awiri, sizinasunthe. Tinalembedwa tsiku lomwelo.

Anatipatsa kontena yogonamo kuseri kwa nyumba yake, njinga zitatu zakutha, ndi lamulo limodzi: tisamacheze ndi antchito anzathu, eni dziko aja. Akuti ndi aulesi ndipo amadana ndi alendo. M'shedimo anatipatsa ngodya yathuyathu. Anthuwo analipo ngati makumi atatu, amuna ndi akazi, ndipo ankatiyang'anadi ndi diso la nkhwezule. Ife tinkangoti bwana ananena zoona. Loweruka lililonse ankatipatsa envulopu yopanda kapepala kalikonse kofotokoza. Fanuel ankangozisandutsa makwacha m'mutu, n'kuyamba kuyenda ngati nduna. Akazi anga anakhoma malata pakhitchini ndi ndalama zoyambirira zija n'kunditumizira chithunzi pafoni. Chidindo cha m'pasipoti chinatha masiku ake, ife tili phee, singano m'manja.

Tsono mmawa wina m'nyengo yozizira, kuzizira kofika m'mano, tikupalasa njinga kupita kuntchito. Titakhota pakona yomaliza, Che Twaibu, amene anali patsogolo, anamanga mabuleki.

Pamsewu panali masamba. Nthambi zaziwisi, zoyalidwa bwinobwino kudutsa msewu wonse, pafupi ndi geti la shedi. Kutsogolo kwake moto ukuyaka mu mgolo, azibambo ataima mouzungulira, manja m'matumba. Azimayi atakhala pansi, atafunda mabulangete, akuimba nyimbo yapansipansi, yokoka, yoti ngakhale chilankhulo sukuchimva umaimva kuti ndi yachisoni.

Mwana aliyense wa kwathu ku Maganga akhoza kukuuzani tanthauzo la masamba pamsewu.

"Inna lillahi," anatero Che Twaibu, akutsika njinga. "Wina watisiya."

Tinatsika tonse. Ine ndi Fanuel tinavula zipewa zathu za ubweya. Tinakankha njinga pang'onopang'ono, mitu pansi, n'kulambalala masambawo monga amachitira munthu woleredwa bwino. Nyimbo inaduka. Kenaka kunabuka chiphokoso, azimayi kukuwa, azibambo kutiloza. Mayi wina wamfupi wa bulangete lofiira anaimirira n'kumakuwa mpaka mawu kusasa, manja m'mwamba.

"Ameneyo ndiye namfedwa," ananong'ona Fanuel. "Taonani mmene zamupwetekera."

Ine ndinawerama pang'ono kuloza kwa mayiyo, dzanja pachifuwa, n'kulowa pageti.

Musandifunse kuti munthu wofika Fomu 4 analephera bwanji kuzindikira sitalaka. Ndinkaidziwa, ya m'mabuku ndi ya pawailesi. Koma palibe anatiuza kanthu, ndipo maso anga anaona zimene anazolowera kuona: masamba, moto, mabulangete, nyimbo.

M'shedi munali zii. Bwana Chipewa anatilandira mano onse ali panja. Che Twaibu anati, "Anzathu ali pazovuta. Kwathu mnzako akaferedwa umamulimira munda. Tiyeni tiwagwirire." Ndiye tinagwira. Tinamaliza ukonde wathu n'kuyamba wawo. Tsiku limenelo ndinasoka mpaka zala kuchita matuza, mtima uli mbee, ndikudziona ngati Msamariya wachifundo. Masana bwana anatigulira mapayi ndi zakumwa, chinthu chimene anali asanachitepo. Fanuel anati, pakamwa patadzaza, "Koma azungu enawa ali ndi umunthu, alamu. Malirowa amukhudza."

Poweruka tinasonkha kangachepe ka chipepeso n'kukakulunga m'pepala. Popeza wa Chingerezi chomveka ndinali ine, anatuma ine. Anthu aja anali adakali pageti, tsopano atachuluka. Ena ananyamula makatoni olembedwa, koma munthu wopita kukapepesa sayenda maso ali m'mwamba. Ndinafika kwa mayi wa bulangete lofiira, ndinagwada bondo limodzi paphula lozizira, ndinapereka ndi manja awiri. Ndinati ife a ku Malawi tamva chisoni kwambiri, ndipo tikufunsa kuti watisiya ndani, nanga mwambo uli liti.

Mayiyo anayang'ana kapepalako, anayang'ana ine. Anati, "Womwalira palibe. Koma mawa ukadzalowanso pageti ili, adzakhala iweyo."

Basi, lonjezo la pa depoti linathera pomwepo. Ndinadzuka. Ndinamuuza kuti kwathu ngakhale galu sauwa munthu wodzapepesa maliro. Ndinamuonetsa zala zanga, kuti tasoka maukonde awo tsiku lonse, ndiye zikomo wake ndi mwano? Ndinamufunsa kuti ngati palibe wafa, masamba awa akutani pamsewu, nanga akuimbiranji ngati mtembo uli m'nyumba? Azibambo anayamba kundizungulira. Che Twaibu anandigwira lamba kumbuyo: "A Tsabola, tsitsani, tsitsani. Tilipo atatu okha."

Koma mayiyo anakweza dzanja. "Tabwereza," anatero. "Masamba atani?"

Ndinafotokoza, ndikupumira m'mwamba. Kwathu masamba pamsewu ndi maliro. Wanjinga amatsika, wachipewa amavula, wagalimoto amachepetsa liwiro. Ndipo ntchito ya namfedwa umamugwirira.

Anatembenuka n'kumasulira anzake. Kenaka mayi wina anaphulika kuseka, wina, wina, mpaka gulu lonse. Wa bulangete lofiira uja anakhala pansi pamsewu, misozi ili mbwembwembwe, akumenya phula ndi dzanja. Bambo wina anavula chipewa n'kuyamba kutitsanzira, akukankha njinga yosaoneka. Fanuel, wopanda manyaziyo, anapita kukamukonza kuti mutu sunatsike mokwanira.

Mayiyo dzina lake anali Nomsa, onse ankamuti Sisi. Ndiye anali mtsogoleri wa yuniyoni, bungwe la antchito, pashedipo. Anatikhazika pafupi ndi mgolo wa moto uja, anatipatsa tiyi, n'kundifunsa funso limodzi: "Amakulipirani zingati?"

Ndinamuuza, monyadira ndithu.

Kuseka kunatha. Anatulutsa kapepala ka malipiro ake n'kundionetsa. Ife tinkalandira theka la zimenezo, pa ukonde womwewo, chikhalirecho ife ndiye tinkagwiranso Loweruka mpaka madzulo. Anati masamba aja ndi otsekera msewu basi: anthu anyanyala ntchito chifukwa bwana wakana kukweza malipiro, ndipo pokanapo ananena poyera kuti ali ndi Amalawi atatu ogwira ntchito ya anthu asanu ndi mmodzi osadandaula, ndipo akafuna akhoza kuitanitsa ena basi yodzaza.

"Waona?" anatero Sisi Nomsa. "Inu ndinu ndodo imene akutikwapulira. Nkhope zanu tilibe nazo mlandu. Chimene chikutipha ndi mtengo wanu."

Ndinati ife tilibe mapepala, tingalimbe bwanji? Anandiyankha mosapita m'mbali. Mapepala sangatipatse, ndipo apolisi akatigwira iye sangawaletse. Koma lamulo la ntchito la dziko lawo silisiya munthu chifukwa cha pasipoti: amene wagwira ntchito ndi wantchito, ali ndi malipiro amene sayenera kutsikirapo, ali ndi maola ake ndi tchuthi chake, ndipo bwalo la milandu ya ntchito limamva dandaulo lake. Anawonjezera kuti wolemba ntchito munthu wopanda mapepala nayenso ali ndi mlandu. Kenaka anatenga chipepeso chija n'kuchiika m'thumba. "Ichi ndisunga. Mukasankha ife, chikhala cholembetsera ku yuniyoni. Mawa mudzanene: mkati kapena kuno."

Titafika ku kontena, kwa nthawi yoyamba ndinaona Fanuel osaseka. Anati, "Alamu, mlongo wanga wangokhoma malata pakhitchini pokha, nyumba yaikulu ikadali yaudzu. Mzunguyu akaimba foni imodzi, tibwerera ku Salima ndi jumbo m'manja. Theka likuposa kulibe."

Ine ndinali nditapsa kale. Chimene chinkandiwawa kwambiri anali mapayi aja. Kundigula ine ndi payi! Ndinakalipa mpaka kontena inalira. Che Twaibu anadikira kuti nditope, kenaka anati, "Lero tadya chakudya cha anzathu mosadziwa, Mulungu atikhululukira. Mawa tikadya tikudziwa, ndi haramu. Ine sindilowa." "Chabwino," anatero Fanuel. "Koma akatigwira, potibweza kumudzi mpando wa pawindo ndi wanga."

Mmawa tinafika pamasamba paja, tinatsika njinga, n'kuziyedzamiritsa kumpanda, kunja. Nthungululu zimene zinamveka, ngati tabweretsa mkwatibwi. Bwana Chipewa anatuluka nkhope ili psuu. Analoza ine. Anati anatitola tili ndi njala, anatipatsa pogona, anatipatsa njinga, ndipo ngati sitilowa pompano aimbira a imigireshoni. Anatulutsa foni, aliyense akuona.

Ndisaname, ndinaopa. Ndinaona nyumba yaudzu ija, ndinaona Grace akubwezedwa kusukulu. Koma pakamwa panga sipadziwa kunjenjemera.

"Imbani, bwana," ndinatero. "Koma muwauze abwere ndi galimoto ya mipando inayi. Ife atatu kumbuyo, inu kutsogolo ndi chipewa chanucho. Mukawafotokozere amene anatilemba ntchito, mukawaonetse ndi kontena."

Ndinadikira kuti Che Twaibu andikoke lamba. Sanandikoke. Bwana anayang'ana foni, anayang'ana khamu lonse limene linali kumbuyo kwathu, n'kuibwezera m'thumba. Madzulo tinapeza kontena yokhoma, zikwama zathu zili panja.

Kumeneko ndiye kunali kumasuka kwathu. Anthu aja amene tinauzidwa kuti amadana ndi alendo anachita kulimbirana oti atitenge. Ine ndi Fanuel tinakagona kwa bambo wotitsanzira uja. Che Twaibu anawapezera banja la Asilamu, kumene ananenepa mpaka kofia kuthina. Pageti anatiphunzitsa gule wawo wa sitalaka, wodumpha mawondo m'mwamba, ndipo Fanuel anawabwezera ndi beni, tsache paphewa ngati mfuti. Pofika tsiku lachitatu agogo a mtundu wa Chikhosa ankaguba beni pamsewu wa ku Kepi. Ndinaseka mpaka nthiti kuwawa, ine amene sindiseka wamba.

Maukonde anaunjikana m'shedi. Eni sitima anayamba kubwera kudzakalipira bwana, chifukwa nsomba sizidikira. Patatha sabata ndi masiku awiri bwana anasaina. Ndalama zimene yuniyoni inkafuna sizinakwane zonse ayi, ndipo ena anang'ung'udza. Koma Sisi Nomsa anakakamira mzere umodzi: aliyense wosoka ukonde m'shedimo, kaya wabadwira kuti, malipiro ndi amodzi ndipo kapepala alandire. Anandiuza kuti, "Usaganize kuti ndachitira iwe wekha. Ukakhala wotchipa, ine ntchito ndilibe." Kapepala kanga koyamba analemba dzina langa molakwika. Ndinafuna kukakalipa, koma ndinangokapinda. Kali m'Baibulo mpaka lero.

Ndinakhalako zaka zisanu ndi ziwiri. Mapepala sanakonzeke, ndipo tinkayenda khosi lili chotembenuka. Amalawi atsopano akafika, Sisi ankawatumiza kwa ine, ndipo phunziro loyamba linali la masamba. Fanuel apolisi anamugwira m'sitima ya pamtunda chaka chachinayi, n'kumubweza kumudzi. Yuniyoni inaonetsetsa kuti malipiro ake omaliza ndi a tchuthi amutsatira. Anandiimbira ali ku Khombedza: "Alamu, pawindo ndinakhaladi." Che Twaibu anabwerera maso atayamba kuchita chifunga. Ine ndinapitiriza kutumiza, ndipo Fanuel anandigulira bwato la injini ndi chilimira n'kumayang'anira alovi, anyamata opita panyanja aja.

Nditabwerako ndinapeza nyumba yonse ya malata, Grace atatalika kuposa amayi ake ndipo akundikonza Chingerezi. Akazi anga anali atayamba geni ya mpunga pamsika wa Salima, ndipo anasiya kale kupempha chilolezo kwa munthu. Abale ena ankandiyang'ana ngati banki yoyenda ndi miyendo, ndipo ndinawauza zimene ndinawauza. Pang'onopang'ono ndinazolowera kutchedwa bwana. Ndinagulanso chipewa.

Mafuta a injini atakwera, ndinadula gawo la alovi. Sindinafunse munthu. Ndinangoima pagombe n'kulengeza, ndipo mmodzi atayesa kuyankha ndinamuuza kuti anyamata ofuna ntchito adzaza kuyambira pano mpaka ku Maganga.

Mmawa wake, ndikuchokera kokagula ulusi, ndinapeza masamba panjira yolowera kwanga.

Mtima unagwa. Che Twaibu anali akudwala masiku amenewo. Ndinatsika njinga, ndinavula chipewa, n'kulowa. Pansi pa mtengo wa mango panali alovi anga onse khumi, atafunda mabulangete, mu Okutobala, kutentha kwa Salima kuno, thukuta lili kamukamu. Pakati pawo Fanuel, bulangete lofiira. Che Twaibu ali pampando, amoyo ndithu, akumwa tiyi amene akazi anga, akazi anga enieni, ankathira.

"Watisiya ndani?" ndinafunsa, ngakhale ndinali nditadziwa kale.

"Palibe, Bwana Chipewa," anatero Fanuel. "Mkati kapena kuno?"

Ndinatsegula pakamwa kuti ndiwotche mudzi wonse. Akazi anga anangoti, "Bambo a Grace, pakamwa panupo." Ndisanasankhe chonena, kunamveka kulira kumsewu. Anali amayi atatu oyandikana nafe, zitenje kumutu, ataona masamba aja. Wotsogola analowa akulira mokweza: "Mayo, a Tsabola atisiya! Anali munthu wabwino, wolimbikira, kungoti ukali ndi kuumira!" Anakweza maso, anandiona nditaima chipewa m'manja, n'kukuwa kukuwa kwenikweni tsopano.

Alovi anagubuduka pansi ndi mabulangete awo. Che Twaibu anatsamwa tiyi. Ine ndinaima pamenepo, munthu wamoyo womva mbiri yake ya pamaliro, ndipo kuseka kunandigwira m'mimba mpaka ndinakhala pansi pafumbi, pakati pa alovi anga.

Gawo lawo ndinalibweza tiyi asanazizire, ndipo za mafuta tinagwirizana kuti tizikambirana tonse. Mayi wolira uja anali atamanga kale chipepeso pakona ya chitenje. Anati achite nacho chiyani tsono, popeza malemu akana kufa. Fanuel anatambasula manja awiri, mwaulemu wonse.

"Bweretsani, mayi," anatero. "Bwana akulembetsa ku yuniyoni."